Masabata oyamba a chaka cha sukulu ku pulayimale: mafunso ndi mayankho kwa makolo a mu Blantyre

Mafunso ali m'munsimu ndi amene makolo ndi olera ana amatifunsa chaka ndi chaka sukulu zikamatsegulidwa, ena pakhomo la kalasi, ena pamsika, ena tikakumana pamaliro kapena potuluka kopemphera. Ndawasonkhanitsa monga mphunzitsi amene wakhala zaka zambiri m'makalasi a ana aang'ono muno mu Blantyre. Mayankho ake akukhudza kwambiri sukulu za boma, ngakhale ambiri angathandizenso makolo amene ana awo ali m'sukulu zoyima pazokha.

Kodi chaka cha sukulu chimayamba liti?

Chimayamba mu Seputembala ndi kutha mu Julaye, ndipo chili ndi materemu atatu. Teremu yoyamba imafika mu Disembala, yachiwiri imayamba mu Januwale, ndipo yachitatu imayamba ana akapumula tchuthi cha nyengo ya Pasaka. Tsiku lenileni lotsegulira limalengezedwa ndi Unduna wa Zamaphunziro, choncho mverani wayilesi kapena funsani kusukulu m'malo modalira uthenga wongotumizirana pa WhatsApp. Kumbukiraninso kuti masabata oyambawa amagwera m'nyengo ya dzuwa ndi fumbi, ndipo pofika Okutobala kutentha kumakhala kutafika pachimake. Zimenezi zimakhudza madzi akumwa, tulo ndi kutopa kwa mwana, monga mmene mafunso ena m'munsimu akufotokozera.

Mwana ayambe Sitandade 1 ali ndi zaka zingati?

Zaka 6. Kale aphunzitsi ankamuuza mwana kuti adutsitse dzanja pamwamba pa mutu ndi kugwira khutu la mbali inayo, ndipo wolephera ankabwerera kwawo kukadikira chaka china. Lero timayang'ana tsiku lobadwa.

Makolo ena amafuna kulembetsa mwana wa zaka 4 kapena 5 ponena kuti ndi wochangamuka, kapena chifukwa chakuti pakhomo palibe womusiyira iwo akapita kuntchito kapena kugeni. Vutoli ndi lenileni ndipo sindikulipeputsa, koma kalasi ya Sitandade 1 si malo olelerako ana. Mwana wosakwana msinkhu amatopa msanga, amagona pakati pa phunziro, zala zake sizinalimbe zogwirira pensulo, ndipo kawirikawiri amabwereza kalasi atazolowera kale kuganiza kuti sukulu ndi chinthu chomukanika. Malo ake ndi sukulu ya mmera mpoyamba kapena ya mkaka. Kumbali inayi, kumuchedwetsa mpaka zaka 8 kapena 9 kumamuchititsa manyazi pakati pa ana aang'ono, ndipo ana otere, makamaka atsikana, ndi amene amasiyira sukulu panjira asanafike Sitandade 8. Lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense wa msinkhu woyenera ayenera kukhala pa sukulu ya pulayimale.

Ndikamapita kukalembetsa mwana nditenge chiyani?

Tengani chiphaso cha kubadwa ngati muli nacho, kapena kabuku ka kuchipatala kosonyeza tsiku limene mwana adabadwa, ndipo pitani naye mwanayo. Onetsetsani kuti dzina lalembedwa bwino m'kaundula, chifukwa dzina lolakwika pa tsiku loyamba limamutsatira mwana zaka zambiri. Siyani nambala ya foni imene imayankhidwa masana, ndi ya munthu wina wachiwiri. Ngati mwana ali ndi matenda monga mphumu, khunyu kapena siko selo, nenani pomwepo, musadikire kuti aphunzitsi adzadziwe tsiku limene wagwa. Amene akuchokera kusukulu ina abwere ndi kalata ya thiransifa ndi lipoti la teremu yomaliza.

Anthu amati sabata yoyamba saphunzira, amangosesa. Bwanji osadikira kuti maphunziro ayambe kaye?

Funso ili ndi limene limandipweteka mtima koposa onse, chifukwa chizolowezi chimenechi chawononga chaka cha ana ambiri amene akadachita bwino. N'zoona kuti tsiku loyamba pamakhala kusesa, kukolopa, kutola zinyalala ndi kugawa ana m'makalasi. N'zoonanso kuti sukulu zina zimachedwa kuyamba kuposa mmene zikuyenera, ndipo makolo ali ndi ufulu wodandaula. Koma ntchito imene imachitika m'masiku khumi oyambirira siibwerezedwanso chaka chonse.

M'masiku amenewa mphunzitsi amaloweza mayina ndi nkhope, amagawa malo okhala, amapanga magulu, amasankha atsogoleri a magulu, ndipo amakhazikitsa malamulo a m'kalasi pamodzi ndi anawo. Amaona amene amamva msanga, amene ndi wamanyazi, amene amatsinzina diso poyang'ana pa bolodi. Mabuku, amene kawirikawiri sakwanira, amagawidwa nthawi yomweyi. Anawo paokha amapeza anzawo oyenda nawo ndi osewera nawo. Tsono mwana amene wafika sabata yachitatu amapeza zonsezi zitatha. Amakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khoma, alibe gulu, sadziwa nyimbo imene anzake akuyimba, sadziwa mmene amapemphera kupita kuchimbudzi, ndipo mphunzitsi wayamba kale malembo moti alibe mpata womuyambira payekha. Ndaona ana anzeru ndithu akukhala chete teremu yonse chifukwa chakuti adalowa m'kalasi ngati alendo.

Ngati chimene chikukulepheretsani ndi yunifolomu kapena makope, onani mafunso awiri okhudza zimenezi. Mwana abwere tsiku loyamba ndi chimene muli nacho.

Nanga m'kalasi ya Sitandade 1 mumachitika chiyani masabata amenewa?

Gawo loyamba limakhala lomuzoloweretsa mwana moyo wa pasukulu. Amaphunzira kuima pamzere pa asembule, kuyimba nyimbo ya fuko, kuyankha dzina lake likaitanidwa, kupereka moni, kukweza dzanja asanalankhule, ndi kuzindikira tanthauzo la belu. Mphunzitsi amayenda nawo kuwaonetsa chimbudzi, pampopi, ofesi ya aphunzitsi aakulu ndi malire a sukulu amene sayenera kudumpha. Kwa mwana amene sadapiteko ku mmera mpoyamba, ngakhale kukhala pansi mphindi makumi awiri akumvetsera munthu mmodzi ndi luso loti aliphunzire.

Nyimbo, nthano, ndakatulo ndi masewero zimachuluka, ndipo kholo lodutsa pawindo likhoza kuganiza kuti ana akungocheza. Sichoncho ayi. Nyimbo yowerenga zala ndi chiyambi cha masamu, kuwomba m'manja potchula dzina ndi chiyambi cha kugawa mawu m'maphatikizo, ndipo kujambula mizere ndi timagudumu pamchenga, m'malere kapena pa sileti kumakonzekeretsa dzanja kulemba. Makalasi aang'onowa amaweruka msanga kuposa akuluakulu, choncho funsani nthawi yeniyeni ya pasukulu yanu, makamaka ngati ili ndi magulu awiri, a m'mawa ndi a masana.

Ndilibe ndalama ya yunifolomu. Kodi mwana angapite ndi zovala wamba?

Inde. M'sukulu za boma mwana sayenera kubwezedwa chifukwa chosowa yunifolomu. Avale zovala zochapa, ndipo inu mukauze aphunzitsi aakulu kuti mudzasoketsa mukapeza ndalama. Yunifolomu ili ndi ubwino wake, pakuti imabisa kusiyana kwa opeza bwino ndi osauka ndiponso imathandiza kumuzindikira mwana akasochera, koma si chifukwa chomusungira pakhomo.

Amati sukulu ndi yaulere. Nanga ndalama zimene tikupemphedwa ndi zachiyani?

Sukulu fizi idathetsedwa m'sukulu za pulayimale za boma mu 1994. Komabe sukulu zambiri za m'tauni zakhala zikupempha makolo kuthandiza pa zinthu monga malipiro a mlonda, bilu ya madzi kapena nkhuni zophikira phala. Chopereka chilichonse chiyenera kukambidwa poyera pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, komiti ya sukulu iyenera kufotokoza mmene ndalama zayendera, ndipo wopereka alandire lisiti. Funsani mosaopa ngati chimene mwapemphedwacho n'chololedwa ndi unduna pa nthawi ino. Mwana asachotsedwe m'kalasi chifukwa cha ngongole ya kholo lake. Zikachitika, tsatirani njira imene ili pa funso la chilango.

Ndigule chiyani, ndipo ndi ziti zimene zingadikire?

Kwa wa Sitandade 1, makope awiri kapena atatu, pensulo, chofufutira, kapu ya phala ndi botolo la madzi n'zokwanira poyambira. Bolopeni siyofunika pa msinkhu umenewu. Makolo ambiri amadula pensulo pakati n'kusunga theka kunyumba, ndipo ndi nzeru yabwino, chifukwa mapensulo amasowa tsiku lililonse. Lembani dzina pa chilichonse, ngakhale pansi pa kapu ndi mkati mwa nsapato. Chikwama chodula chingadikire. Jumbo yolimba kapena kathumba kosokedwa ndi chitenje kamagwira ntchito yomweyo.

Musadabwe mphunzitsi akatuma mwana kuti abweretse zitsekerero za mabotolo, timitengo, timiyala kapena makatoni. Aphunzitsi timaphunzitsidwa kupanga zipangizo kuchokera ku zinthu zopezeka pafupi, ndipo zitsekerero khumi m'kathumba zimaphunzitsa kuphatikiza ndi kuchotsera bwino kwambiri. Muthandizeni kutola ndi kutsuka.

Mwana akulira m'mawa uliwonse ndipo akukana kupita. Ndichite chiyani?

Kulira kwa masiku oyamba n'kwachibadwa, ndipo ana ambiri amatonthola kholo likangopotoloka. Chimene chimatalikitsa kulirako ndi kholo loima pawindo mpaka nthawi ya buleki, kapena lothawa mozemba mwana akuyang'ana kumbali. Mutsanzikeni momveka, muuzeni amene adzamutenge ndi pamene adzamupeze, kenaka pitani. Mukalonjeza kuti mubwera, bwerani pa nthawi yake, chifukwa mwana amene watsala yekha pabwalo anzake onse atapita sadzakhulupiriranso mawa lake.

Ndikupempheni chinthu chimodzi: lekani kuopseza ana ndi sukulu. Mawu akuti "ukaona kusukulu, aphunzitsi akakukwapula" amene timawanena mwana akavuta pakhomo ndi amene amabwerera pa tsiku lotsegulira. Yang'aniraninso tulo. Mwana wa msinkhu uwu amafunika maola 9 mpaka 12 usiku uliwonse, ndipo amene wagona mochedwa chifukwa cha kanema amadzuka wokwiya.

Kulira kukapitirira masabata atatu, kapena mwana amene ankapita mokondwa akayamba mwadzidzidzi kudandaula m'mimba m'mawa uliwonse, kukodza pogona kapena kubisala panjira, pali chifukwa china. Mufunseni modekha pamene mukudya kapena mukumusambitsa, ndipo onani funso la chilango ndi kuvutitsidwa.

Ndimuperekeze mpaka liti?

Mtunda ndi msewu ndi zimene zingakuuzeni. Mwana wa zaka 6 satha kuyeza bwino liwiro la galimoto, choncho asawoloke yekha misewu ikuluikulu monga Masauko Chipembere Highway, msewu wa Zalewa kapena wa Chikwawa, ngakhale misewu ya m'makwalala a Ndirande, Bangwe ndi Mbayani momwe njinga zamoto za kabaza zimatulukira paliponse. Yendani naye njira imodzimodziyo masiku angapo, mukumuonetsa powolokera ndi nyumba kapena golosale ya munthu wodziwika kumene angathawire. Pambuyo pake aziyenda ndi mkulu wake kapena gulu la ana a m'dera lanu. Ngati mwapangana ndi wakabaza, akhale mmodzi wodziwika, ndipo aphunzitsi amudziwe.

Ganiziraninso za mvula idakali kutali. Timitsinje monga Mudi, Nasolo ndi Naperi timaoneka tosaopsa mu Seputembala, koma timadzaza m'kanthawi kochepa mvula ikagwa kumapiri. Tonse tikukumbukira zimene namondwe wa Freddy adachita mu Malichi 2023 ku Chilobwe ndi madera ozungulira phiri la Soche. Muphunzitseni mwana kuyambira tsopano njira yodzera pa mlatho, ngakhale ikhale yotalika, ndipo adziwe kuti madzi akadzaza ayenera kubwerera kusukulu.

Kusukulu kuli phala. Kodi ndimupatsebe chakudya?

Sukulu zambiri za mu Blantyre zimalandira phala la chimanga ndi soya kuchokera ku bungwe la Mary's Meals, limene lidayamba ntchito yake m'Malawi muno mu 2002, ndipo amene amaphika ndi makolo odzipereka amene amalawirira mbandakucha. Si sukulu zonse zili ndi phala, ndipo nthawi zina limayamba patapita masiku angapo sukulu itatsegulidwa, choncho funsani. Ngakhale lilipo, mwana adyeko kanthu asananyamuke ngati n'kotheka, kaya mbatata, chinangwa, chigumu kapena nthochi. Kamba wa kunyumba ndi wabwino kuposa ndalama yodyera, imene mwana wamng'ono amataya, amalandidwa, kapena amagulira zozizira zopangidwa ndi madzi osadziwika kumene achokera.

Madzi akumwa asaiwalike m'nyengo yotenthayi, pakuti mipopi imatha kuuma. Muzoloweretseni kusamba m'manja ndi sopo akachoka kuchimbudzi ndiponso asanadye. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, ndipo palibe amene akufuna kuti zimenezo zibwerenso.

M'kalasi muli ana oposa 100. Kodi mwana wanga aphunzira kanthu?

Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma m'madera odzaza anthu a mumzinda uno makalasi aang'ono amapitirira chiwerengerochi kwambiri, ndipo ena amaphunzirira pansi pa mtengo kapena kukhala pa simenti. Vutoli lidakula mu 1994, pamene ana a pulayimale adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo zipinda ndi aphunzitsi sizidafikebe pokwanira mpaka lero. Sindingakunamizeni kuti kalasi yotere ndi yabwino. Mphunzitsi sangamvetsere mwana aliyense akuwerenga tsiku lililonse.

Komabe ana amaphunziramo, ndipo amene amapindula ndi amene amabwera tsiku lililonse, amafika msanga n'kukhala pamene akuona bolodi, ndiponso ali ndi munthu kunyumba wowafunsa zimene aphunzira. Mphunzitsi waluso amasinthasintha malo okhala kuti asakhale omwewo kutsogolo, amagwiritsa ntchito magulu, ndipo amaitana ana ndi mayina awo. Mukhoza kumufunsa mwaulemu mmene amasinthira malo. Kudziwana ndi mphunzitsi kumathandizanso kwambiri, monga ndafotokozera pa funso lomaliza.

Aziphunzira m'Chichewa kapena m'Chingerezi?

M'sukulu za boma, kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, maphunziro ambiri amafotokozedwa m'Chichewa ndipo Chingerezi chimaphunzitsidwa ngati phunziro lapalokha kuyambira chaka choyamba. Kuyambira Sitandade 5 mabuku amakhala a Chingerezi kupatula a phunziro la Chichewa. Makolo ena amada nkhawa poona mwana wa mnzawo wa sukulu yolipira akulakatula Chingerezi. Kulakatula ndi kuwerenga n'zosiyana. Mwana amene wadziwa kulumikiza malembo m'chilankhulo chimene amachimva amatenga luso lomwelo kukawerengera Chingerezi. Ngati pakhomo mumalankhula Chiyawo, Chilomwe, Chisena kapena Chitumbuka, musasiye. Ingouzani mphunzitsi kuti adziwe chifukwa chake mwana angachedwe kuyankha masabata oyamba.

Ife tidayamba ndi a, e, i, o, u. Chifukwa chiyani mwana wanga akuyamba ndi malembo osakanikirana?

Kuyambira 2016 sukulu za boma zikutsatira ndondomeko yophunzitsira kuwerenga ya dziko lonse, imene aphunzitsi timangoyitchula kuti NRP, ndipo mabuku ake amakonzedwa mogwirizana ndi Malawi Institute of Education ku Domasi. M'Chichewa, malembo oyamba amabwera motsatana chonchi: a, n, i, k, u, m, e, t, o, ndiye chifukwa chake mumamva aphunzitsi akunena za "anikumeto". Malembowa ndi amene amapezeka kawirikawiri m'mawu athu, moti mwana akangodziwa awiri oyamba amatha kale kuwerenga liwu lenileni, "ana", ndipo posakhalitsa amafika pa "ana anu", "mame" ndi "moto". Chimwemwe cha mwana amene wawerenga yekha liwu loyamba ndi chimene chimamukoka kuti afune lachiwiri.

Mwana amaphunzira kaye kamvekedwe ka lembo, kenaka maonekedwe ake, kenaka kuliphatikiza ndi linzake. Mphunzitsi amayamba wachita yekha, kenaka amachitira limodzi ndi ana, pomaliza ana amachita okha. Pothandiza kunyumba, tsatirani lembo limene ali nalo sabata imeneyo, ndipo musamuuze kuti aphunzitsi akulakwitsa chifukwa chakuti inu mudaphunzira mwanjira ina. Njira yakale idaphunzitsa ambiri a ife, koma mwana wosokonezedwa ndi njira ziwiri nthawi imodzi amachedwa pa zonse.

Papita masabata atatu koma m'kope mulibe zolemba zambiri. Ndimulembetse patitaimu?

Musafulumire. Monga ndanenera pa funso la zochitika m'kalasi, ntchito yambiri ya masabata oyamba ndi ya pakamwa, ya m'makutu ndi ya pamchenga. Mwana wa zaka 6 amene waweruka dzuwa lili pamutu amafunika kudya, kupuma ndi kusewera, osati kukakhalanso pa benchi maola ena awiri. Mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu madzulo aliwonse n'zokwanira: akuyimbireni nyimbo ya tsikulo, akuonetseni lembo pa paketi ya shuga kapena pa chikwangwani cha golosale, awerenge mbale pamene mukupakula. Kholo losadziwa kuwerenga lingathe kuchita zambiri mwa izi, ndipo nthano za agogo zimamupatsa mwana mawu ochuluka amene adzawapeze m'mabuku. Ngati wabwera ndi buku la sukulu, likutireni ndi pepala ndipo libwerere tsiku limene lafunidwa, chifukwa ana ena akulidikira.

Mwana wanga amalemba ndi dzanja lamanzere. Ndimusinthe?

Ayi. Si chilema ndipo si mwano. Muuzeni mphunzitsi kuti amukhazike mbali imene chigongono chake sichigundana ndi cha mnzake, ndipo achibale asamumenye dzanja.

Ndikukayikira kuti mwana saona kapena samva bwino. Nanga amene ali ndi ulumali amalandiridwa?

Amalandiridwa, ndipo ndi ufulu wawo. Zizindikiro zimaonekera msanga sukulu ikayamba: kuyandikitsa kope kumaso, kukopera kwa mnzake m'malo moyang'ana pa bolodi, kutembenuza khutu limodzi, kusayankha akaitanidwa chakumbuyo, kapena kutuluka mafinya m'khutu. Ana otere amatchedwa aulesi kapena osamva pamene vuto lili m'thupi. Pitani naye kuchipatala cha m'dera lanu, ndipo akaona kuti n'kofunika adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene ambiri timachitcha Gulupu, kumene kuli madokotala a maso ndi a makutu.

Sukulu zina zili ndi aphunzitsi a maphunziro apadera, ambiri a iwo ophunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, ndipo aphunzitsi aakulu angakuuzeni yapafupi. Mwana wachialubino akhale kutsogolo koma posawomba dzuwa, aloledwe kuvala chipewa ndi malaya a manja aatali ngakhale pa asembule, alemberedwe malembo akuluakulu, ndipo asayende yekha popita ndi pobwera.

Mwana akuti wamenyedwa ndi mphunzitsi, kapena akuvutitsidwa ndi anzake. Ndipite kuti?

Unduna wa Zamaphunziro umaletsa chilango chomenya m'sukulu. Mverani mwana mpaka amalize, musamukalipire, ndipo musamuuze kuti akabwezere. Yambani mwakumana ndi mphunzitsi wa kalasi panokha, osati pamaso pa ana. Nkhani zambiri, monga kulandidwa kamba ndi ana akuluakulu pa buleki, zimathera pomwepo. Zikakanika pitani kwa aphunzitsi aakulu, kenaka kwa komiti ya sukulu, kenaka kwa mlangizi wa maphunziro wa zoni yanu, amene timamutcha PEA. Amayi a gulu loyang'anira ana pasukulu amathandizanso, makamaka pa nkhani za atsikana.

Nkhani ya kuvulazidwa kapena kugwiriridwa si yokambirana kuti ithere pasukulu. Pitani kuchipatala ndi kupolisi tsiku lomwelo, ndipo mukhoza kuyimba mwaulere nambala yothandiza ana ya 116.

Akadwala ndichite bwanji?

Ana akasonkhana pamodzi koyamba amapatsirana chimfine, chifuwa, chipere, mphere ndi matenda a maso. Amene watentha thupi, akutsegula m'mimba kapena akusanza apite kuchipatala, osati kusukulu, ndipo tumizani uthenga kwa mphunzitsi tsiku lomwelo kuti m'kaundula mulembedwe chifukwa chake. Akachira abwerere msanga. Kujomba kumene kumawononga kwambiri ndi kwa tsiku limodzi limodzi: Lachisanu chifukwa kuli ukwati, Lolemba chifukwa yunifolomu sinaume, tsiku lina chifukwa akulera mng'ono wake. Mu Sitandade 1 malembo atsopano amabwera motsatizana, ndipo lililonse limatsamira pa limene lapita.

Nanga ana a makalasi apamwamba, masabata oyamba ali ndi kanthu kwa iwo?

Ali nako. Aphunzitsi amayamba ndi kuyesa zimene ana akukumbukira pambuyo pa tchuthi chachitali, kuti adziwe poyambira. Sitandade 5 ndi imene imafuna diso la kholo, chifukwa cha kusintha kwa chilankhulo kumene ndatchula kale: mwana amene ankakhoza bwino akhoza kutsika mwadzidzidzi, osati chifukwa nzeru zatha, koma chifukwa sayansi ndi masamu zabwera m'Chingerezi. Wa Sitandade 8 adziwe kuti kulembetsa mayeso omaliza pulayimale a PSLCE, amene amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, kumachitika miyezi yambiri mayesowo asanafike, choncho ino ndi nthawi yoonetsetsa kuti dzina ndi tsiku lobadwa zalembedwa molondola.

Mwana wobwereza kalasi amafunika chisamaliro chapadera sabata yoyamba, pakuti amaona anzake akulowa chipinda china iye atatsala ndi ang'ono ake. Musamutche mbuli. Funsani mphunzitsi chimene chidamulepheretsa, kaya ndi kujomba, maso, njala kapena malembo ena amene sadawagwire, kuti chaka chino chisafanane ndi chatha.

Ndikaonane liti ndi mphunzitsi, ndipo ndikanene chiyani?

Musadikire kuitanidwa pa mlandu kapena tsiku lotsekera. Pitani m'sabata yachiwiri kapena yachitatu, pamene piringupiringu wa kulembetsa wachepa, ndipo sankhani nthawi yoweruka, chifukwa m'mawa mphunzitsi sangasiye ana 100 kuti acheze nanu pakhomo. Abambo nawonso apite. Si ntchito ya amayi okha, ndipo ngati mwana akuleredwa ndi agogo, azakhali kapena amalume, amene amagona naye nyumba imodzi ndiye wofunika kudziwika.

Dzitchuleni dzina, tchulani la mwana, ndipo fotokozani zimene mphunzitsi sangazione yekha: kuti mwana ndi wamanyazi koma amamva, kuti mayi ake adamwalira chaka chatha, kuti mwangosamukira kumene kuchokera kumudzi, kuti amaopa chimbudzi chokumba. Kenaka funsani mafunso atatu: amakhala pati m'kalasi, ali pa lembo liti kapena mutu uti, ndipo inu mungathandize chiyani kunyumba sabata imeneyo. Funsaninso tsiku la msonkhano woyamba wa makolo ndi aphunzitsi, kumene nkhani za zopereka, phala ndi chitetezo zimagamulidwa, ndipo ngati pali ndandanda ya ophika phala kapena okonza zimbudzi, lembetsani tsiku limene mungakwanitse.